Kwa Kosta Anatseka, Koma Ine ku Oshawa Sindichoka

Inu ana, ikani mafoniwo pansi kaye. Iwe Tadala, mkazi mnzanga, sendera kuno. Iwe Yankho, mwamuna wanga waulesi, chotsa miyendo patebulo. Bambo anu akuti apita kukaonetsa matayala a galimoto. Matayala ake ati? Ndinawabereka ndine amenewo, ndimawadziwa. Akusiyani pano kuti mundinyengerere ndisamukire kwanu ku Brampton, chifukwa akudziwa kuti iwo ndimawakanira, koma inu ndimakuchitirani manyazi.

Akuti ku Oshawa kulibenso changa. Agogo anu aamuna anagona, anzanga ambiri anasamuka, mawondo anga akukana masitepe. Sabata yatha anandiuza pafoni kuti, "Amayi, ngakhale kwa Kosta anatseka kalekale. Mukudikira chiyani kumeneko?" Ndiye lero ndikuuzani za kwa Kosta, kuti mumve nokha chimene ndikudikira.

Pitsa mwaoda pafoniyi idyani, sindikukuletsani. Koma mwamuona amene wabwera nayo? Waisiya pakhomo, waijambula, n'kuthawa ngati waba nkhuku. Amene waiphika simukumudziwa, iyenso sakudziwa kuti Yankho amachotsa bowa n'kubisa pansi pa mbale. Kale sizinali choncho.

Ndinafika m'tauni ino ndili mtsikana, bambo anu Dalitso ali kumbuyo, asanayambe n'kuyenda komwe. Agogo anu aamuna ndiwo anatsogola kudzaphunzira za makina pakoleji, kenaka anatiitanitsa. Ine ndinkati kuzizira ndimakudziwa, si ndine wa ku Dedza? Nditangotuluka pabwalo la ndege mphepo inandilowa m'mano, ndinatembenuka kufuna kubwerera m'ndege momwemo.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Chingerezi changa chinali cha moni ndi zikomo basi. Pamwamba pa izo ndinali wamanyazi chibadwire. Kwathu alendo akabwera ndinkapita kukatunga madzi ngakhale mitsuko ili yodzaza. Ndiye tangoganizani munthu wotere ali m'dziko la eni. Foni ikalira ndinkaiyang'ana mpaka itope yokha. Munthu akagogoda ndinkamuyamwitsa Dalitso msangamsanga kuti asalire, wogogodayo aziti mulibe anthu. Tinkakhala m'kanyumba kapamwamba, pamsewu umene umakwera kupita kukoleji. Agogo anu m'mawa kusukulu, akaweruka kuntchito. Ine ndi zenera.

Pazenerapo ndi pamene ndinaphunzirira Canada. Pamsewu umodzi womwewo panali malo angapo ogulitsa pitsa, ndipo aliwonse anali ndi anthu ake, ngati mipingo. Kumtunda kunali kwa amuna awiri apachibale a ku Lebanoni. Yawo inali yopyapyala, ankaigulitsa chidutswachidutswa, ana a sukulu n'kumadya akuyenda ataipinda pakati, mafuta akutsikira m'mikono. Kumunsi, pafupi ndi njanji, kunali kwa mkulu wina wandevu wa ku Italy amene sindinamuonepo akuseka. Kumeneko kunkadzaza amuna a kufakitale ya magalimoto akaweruka shifiti. Pakati panali malo odyera a Matchaina a nyali zofiira, ndi kena kakang'ono kophika mazira ndi khofi m'mawa. Ndiye moyang'anana ndi zenera langa, kwa Kosta.

A Kosta ndi akazi awo, Mayi Maria, anali Agiriki. A Kosta aafupi, amimba, mikono yaubweya yoyera ndi ufa. Mayi Maria aatali, kansalu kumutu, mawu omveka kutsidya kwa msewu zenera lili chitsekere. Ankakalipirana tsiku lonse m'chilankhulo chawo. Ine ndinkati banja ili likutha mawa. Ayi ndithu, ndi mmene ankachezera.

Tsiku loyamba agogo anu kubwera ndi pitsa kunyumba, ndinatsegula katoni n'kufunsa kuti, "Buledi ameneyu ndiwo amuthira pamwamba bwanji?" Nditakoka chidutswa, tchizi anatanuka ngati ulimbo, osaduka. Ndinadya m'mphepete mokhamo, zapakatizo ndinawakankhira iwo. Usaseke, Yankho. Iwe therere umalithawa chimodzimodzi.

Kenaka anabadwa azakhali anu Chisomo, m'miyezi yogwa chipale chija amati sinowo. Kwathu mayi akachira nyumba imadzaza. Wina wabwera ndi nkhuni, wina watunga madzi, wina wakuphikira phala, wina wakusambitsira mwana. Kuno ndinachoka kuchipatala n'kupeza nyumba ili zii. Mwana akalira, inenso ndinkalira. Ndinawauza agogo anu kuti andibweze kwathu, ndipo sindinkanena zocheza.

Masana ena kunamveka kugogoda. Mwayi agogo anu analipo, anatsegula. Anali a Kosta, katoni yaikulu m'manja, sinowo ali m'tsitsi. Mayi Maria ankandiona ndikudutsa ndi mimba, Dalitso nditamumanga ndi chitenje pamwamba pa jekete. Ataona kuti masiku apita sindikudutsa, ndipo pazenera payanikidwa timalaya tating'ono, anadziwa. A Kosta analankhula pang'ono n'kutsika. Agogo anu ananditanthauzira akuseka: "Akuti ndi ya mayi wa mwana. Akuti mudye nokha, musapatseko mwamuna."

Tsiku limenelo ndinadya ndi zapakati zomwe.

Tsono mverani. Kwathu mnzako akakutumizira chakudya m'mbale, umaitsuka mbaleyo, ndipo suibweza ili yopanda kanthu. Umaikamo ngakhale mtedza wapamanja. Ndiye ine ndinatenga kansalu konyowa n'kuyamba kupukuta katoni ija mosamala, kuti isang'ambike.

"NaBanda, mukutani ndi katoniyo?" anafunsa agogo anu.

"Ndikupukuta. Ndi ya eni."

"Si mbale imeneyo. Amataya."

"Munthu wakupatsani chakudya, inu mutaye chotengera chake? Amayi anga atamva angati ndinaleredwa ndi ndani?"

"Akakusekani."

"Andiseke."

Ndinanena molimba mtima chifukwa ndinali m'nyumba. Nditapeza mphamvu ndinakazinga mandasi, ndinayala pepala loyera m'katoni, ndinawandandalika bwinobwino. Chisomo kumbuyo, Dalitso kudzanja, ndinawoloka msewu. Sindinadziwe kuti ndasankha nthawi yoipa. Inali nthawi ya nkhomaliro, ana a kukoleji ali mbwee mpaka pakhomo. Ndinaima pamzere. Nditafika kutsogolo ndinaika katoni pakauntala ndi manja awiri, ndinapinda bondo, ndinati zikomo m'Chingerezi.

Nkhope ya a Kosta inagwa. Ankayesa kuti ndabweza pitsa, kuti sinakome. Atainyamula anamva kuti ndi yolemera, ndipo ndi yotentha. Anatsegula. Anayang'ana mandasi, anayang'ana ine, anayang'ananso katoni yopukutidwa ija, kenaka anakuwa kuti, "Maria!" Ana a sukulu anayamba kuseka. Ndinagwira dzanja la Dalitso kuti tizipita.

Mayi Maria anatuluka akupukuta manja. Sanaseke. Anatenga limodzi, ananyema, ananunkhiza, anadya. Kenaka anandigwira pamkono ngati wapolisi n'kundikokera kuseri kwa kauntala, kukhitchini. Anandikhazika pa ndowa yovundikira, anamasula okha chitenje, anamutenga Chisomo. Anatsitsa botolo la uchi pashelefu n'kuthira pa mandasi anga, akuloza pamtima pawo, kundiuza ndi manja kuti kwawonso aliko otere, koma amadya ndi uchi. Tinadya tonse awiri, iwo akulankhula Chigiriki, ine ndikuyankha "eya" m'Chichewa. Kuyambira pamene ndinatsika ndege, aka kanali koyamba munthu wina kundinyamulira mwana.

Sabata yotsatira katoni ina inabwera. Inenso ndinabweza. Makatoni ankanyowa ndi mafuta, ndiye Mayi Maria anayamba kutumiza pitsa pa chiwaya chawo chachitsulo, china chopindika m'mphepete. Chiwaya chimenecho chinawoloka msewu uja zaka ndi zaka. Chinkapita ndi mandasi, zitumbuwa nthochi zikapsetsa, nthawi zina futali wa mbatata. Futali a Kosta ankamutcha simenti, koma ankamumaliza ndi kukombeza komwe. Za kubwerera ku Dedza sindinazitchulenso, ndipo agogo anu sanandikumbutse.

Masana, anthu akachepa, ndinkapita kukakhala kukhitchini kuja. Poyamba ndinkangopinda makatoni ndi kudula anyezi kuti manja asakhale chabe. Ana atayamba sukulu anandilemba ntchito ya m'mawa, yokanda ufa. Inu mumaganiza kuti pitsa imachokera m'foni. Imayamba dzulo lake. Ufa tinkakanda lero, n'kuumba mipira, n'kuigoneka m'firiji kuti idzagwire ntchito mawa. A Kosta asanathire madzi ankatsegula chitseko chakuseri n'kutulutsa dzanja panja, kumva mphepo. Kukakhala chinyezi madzi ankachepetsa. Sikelo inalipo, koma pamwamba pake pankakhala wailesi. Uvuni unali wamiyala m'kati, wakuda, wamkulu ngati khola la mbuzi, ndipo ankalowetsa pitsa ndi thabwa lalitali ngati lopalasira bwato. Foni inali yapakhoma, ya chingwe chopotana chimene chinkafika mpaka kufiriji. Mayi Maria ankaikanikiza ndi phewa, manja ali mu tomato, ndipo ankadziwa anthu ndi mawu okha. Munthu asanamalize moni iwo anena kale kuti, "Ndakumva, yopanda anyezi. Mayeso aja wakhoza?"

Ine a Kosta sankatha kunena NaBanda. Ankangoti "Malawi." "Malawi, ufa!" "Malawi, uza mnzakoyo kuti ndine bwana pano!" Mayi Maria n'kuyankha kuti, "Bwana wa ndowa ya zinyalala." Chingerezi changa chimene mumachisekachi ndinachiphunzira kumeneko, ndiye theka lake ndi la Agiriki. Mukafuna kudandaula kadandauleni kwa iwo.

Chaka m'tauni ino tinkachidziwira kwa ana a sukulu, ngati mmene kwathu timachidziwira ku mvula. Masamba akayamba kufiira ankafika atsopano, nkhope zosalala, amayi awo akulira m'magalimoto. Sabata zimenezo ufa sunkakwana. Nthawi ya mayeso ankabwera maso ofiira, mabuku ali patebulo, ena n'kugona pomwepo, Mayi Maria n'kuwafunditsa majekete awo. Sinowo akasungunuka ankanyamuka onse, n'kusiya mipando ndi matiresi m'mphepete mwa msewu. Mpando wakhalapowo, Tadala, unachokera kumeneko. Usadzuke, ndinauchapa. M'miyezi yotentha msewu unkakhala phee. Tinkatulutsa mipando panja, a Kosta n'kumathirira tomato wawo wa m'zitini, amuna a ku Lebanoni aja n'kutsika kudzamwa khofi ndi kunyoza pitsa ya a Kosta kuti ndi yonenepa ngati mwini wake.

Bambo anu anakulira pansi pa kauntala imeneyo. Homuweki ankalembera pa matumba a ufa. Lero akamati ku Oshawa kulibe kanthu, muziwafunsa kuti masaya aja anawatenga kuti.

Kutseka kunayamba pang'onopang'ono. Woyamba anali mkulu wandevu wa kunjanji, nthawi imene fakitale inayamba kuchepetsa anthu. Amuna a mashifiti atasowa, nayenso anasowa. Kenaka kamalo ka mazira ndi khofi. Koleji ija inakula, ana anachuluka, tinkati zinthu ziyenda. Koma anamanga nyumba zawo zogona kumtunda kwenikweni, ndipo kumeneko kunabwera masitolo a makampani aakulu, a zikwangwani zowala, ofanana ndi a m'tauni ina iliyonse. Lendi pamsewu wathu inakwera. A ku Lebanoni anagulitsa, wina anapita ku Mississauga kukagwira ntchito kubwalo la ndege. Matchaina anakalamba, ana awo anaphunzira za mankhwala, sanafune mapoto.

Chimene chinkandipweteka ndi choti kuno malo amatseka osatsazika. Dzulo wadyapo, lero wapeza mazenera amata mapepala akhaki. Pakapita miyezi papachikidwa chikwangwani china. Pamene panali Matchaina lero amakonza mafoni. Pamene panali a ku Lebanoni amagulitsa chamba. Chamba, ana inu, cha chilolezo cha boma, chili m'mabotolo ngati masiwiti! Agogo anu aamuna akanaona akanavula chipewa n'kukhala pansi.

Iwo sanazione zimenezo. Anatisiya bambo anu atangokwatira, inu musanabadwe. Pamaliro awo anthu athu anabwera kuchokera konsekonse, Amalawi ndi a ku Zambia, nyumba inadzaza, tinatulutsa mipando kuti amayi akhale pansi. Mayi Maria anafika ndi maluwa, akuganiza kuti angopereka n'kubwerera monga amachitira kuno. Ataona mmene takhalira, anavula nsapato, anatsika pansi ndi mawondo awo oipawo, anakhala pambali panga mpaka dzuwa kupendeka. A Kosta anadyetsa anthu onse a pamaliro.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditasiya ntchito ya ufa. Malonda anali atachepa, ndinaona ndekha kuti akundisunga chifukwa cha chisoni, ndiye ndinakalowa ntchito yosamalira okalamba. Ndinasamukanso kubwera m'nyumba ino. Kwa Kosta ndinkapitabe, koma mwa apo ndi apo. Ndinkadziwa kuti a Kosta mtima ukuwavuta, anali atagonako kuchipatala.

Ndiye m'mawa wina ndikuchokera kuntchito, basi ikudutsa pamsewu uja, ndinaponya maso monga mwa nthawi zonse. Mazenera amata mapepala. Pakhomo pali maluwa, mulu, ndi timakandulo. Ana a sukulu aima mwakachetechete, mtsikana wina akupukuta misozi, mnzake wamugwira paphewa.

Kwathu mukaona masamba ataikidwa pamsewu simufunsa, mumadziwa kuti pamudzipo pagwa zovuta. Kuno ndinali nditaona kuti maluwa ndi makandulo amaika pamene pafera munthu. Ndinatsika basi ija pomwepo. Kufunsa ana aja sindinathe. Kuimbira Mayi Maria foni? Namfedwa sumuimbira foni kumufunsa ngati mwamuna wake wamwaliradi. Umapita.

Ndinaimbira Mayi Tembo. Mukuwadziwa, anesi aja a ku Chipata amene amakutsinani masaya kutchalitchi.

"Mayi Tembo, a Kosta atisiya."

"Imwe NaBanda! Mwaziba bwanji?"

"Ndaona ndi maso anga. Maluwa ali pakhomo, ana akulira."

"Mayo ine! Manje tichite bwanji?"

"Anatikhalira pamaliro athu. Ifenso tikawakhalire."

Ine amene ndinkathawa foni, tsiku limenelo ndinaimbira mayi aliyense wa mumpingo amene sanali pashifiti. Pofika masana tinali titakwana magalimoto awiri, zitenje m'chiuno, mipango kumutu, shuga, buledi ndi masamba a tiyi zili m'majumbo. Nyumba ya a Kosta inali m'kamsewu kachete, ka kapinga wometa bwino. Titatsika, Mayi Tembo anayambitsa nyimbo ya maliro pageti pomwepo, monga timachitira, ife n'kuvomera, tikuyenda pang'onopang'ono mitu ili pansi. Azungu oyandikana nawo anasuzumira m'makatani. Ine misozi inali ikutsika kale. Ndinagogoda.

Chitseko anatsegula ndi a Kosta. Atavala kabudula, sangweji ili m'dzanja, akutafuna.

Nyimbo inaduka pakati. Mayi Tembo anakuwa kuti "Yesu!" n'kugwetsa jumbo ya shuga. Mayi wina anali atafika kale kugalimoto.

"Malawi," anatero a Kosta, "wamwalira ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinati, "Inuyo."

Anaima kaye. Kenaka anaseka mpaka anagwira chitseko, sangweji inagwa, ndinaopa kuti mtima uja uima zenizeni ife tili pomwepo. Anafotokoza akutsokomola kuti atseka sitolo basi. Dokotala anawaletsa kuima pauvuni, lendi inakweranso, ana awo sanafune. Maluwa aja ana a sukulu anaikira pitsa. Sanandiuze chifukwa Mayi Maria anakana, ankati akandiona adzalephera kudzigwira.

Mayi Tembo anandinong'oneza kuti, "NaBanda, tikafika kunyumba nizakumenyani." Tinayamba kubwerera chammbuyo, tikupepesa.

Pamenepo Mayi Maria anatulukira kumbuyo kwa amuna awo. Anatiyang'ana tonse, zitenje, mipango, shuga womwazika pasitepe. Anamvetsa msanga kuposa a Kosta. Koma iwo sanaseke. Anati, "Mukupita kuti? Lowani."

Tinalowa. Anakankha okha tebulo la pabalaza, anakhala pansi pa kapeti, anandikoka kuti ndikhale pambali pawo. Anati, "Sabata yonse anthu akulemba pa intaneti kuti adzasowa pitsa yathu. Kunyumba kuno sikunabwere ndi mmodzi yemwe. Ndinalowa m'sitolo ija ndili mtsikana, ndatuluka ndili nkhalamba, ndipo sindinalire, chifukwa amati sitolo sailira ngati munthu. Imbani ija munayamba panja."

Mayi Tembo anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu. Anayambitsanso, chapansipansi. Mayi Maria anaika mutu paphewa panga n'kulira ngati mwana. Inenso ndinalira, ndipo sindinkalirira iwo okha. Ndinalirira msewu wonse uja, nyali zofiira, mkulu wandevu wosaseka, agogo anu akukwera masitepe ndi katoni m'manja. Amayi ena amene pitsa ya kwa Kosta sanailaweko n'komwe analira nawo, aliyense zake. A Kosta anasiya kuseka. Anapita kukhitchini, anatereka madzi, n'kumazungulira ndi makapu a tiyi. Pofika pa Mayi Tembo anati, "Landirani, mayi, wakupatsani ndi malemu."

A Kosta anakhalanso zaka zingapo. Akandiona ankati, "Malawi, tsiku lenilenilo mudzaimbe bwino, munayeserera kale." Litafika tinaimbadi, m'chipinda cha pansi pa tchalitchi chawo, ansembe awo atamaliza zawo.

Tsopano ndafika pamene pali nkhani. Mayi Maria ali moyo. Ali kunyumba yosungirako okalamba kumunsi kuno, basi imodzi kuchokera pakona apo. Mwana wawo wamkazi ali ku Calgary, wamwamuna anawoloka kupita ku America. Amabwera pa Khirisimasi, ndi ana abwino, koma ndi kutali. Mutu wa Mayi Maria unayamba kutaya zinthu. Masiku ena amandidziwa, masiku ena amandiyesa mchemwali wawo amene anamwalira kalekale kwawo. Ine ndimavomera zonse. Kudya amakana. Atsikana ogwira ntchito kumeneko amayesetsa, ntchito imeneyo ndinaigwira, ndikudziwa kuti munthu mmodzi amakhala ndi pakamwa pambiri poti adyetse. Akafika pa Mayi Maria, iwo amatseka milomo n'kutembenukira kukhoma. Koma ndikakhala pambali pawo, mbale yanga ili pamwendo, ine n'kumadya osawayang'ana, amatenga supuni. Nthawi zina amadandaula kuti supu alibe mchere, n'kutukwana wophika m'Chigiriki. Tsiku limenelo ndimabwerera kunyumba ndikuimba.

Ndimapita nthawi ya nkhomaliro, pafupifupi tsiku lililonse. Sabata ija ndinadwala chimfine osapita, anesi anandiuza kuti mbale zinkabwerera momwe zapitira.

Bambo anu akuti kuchokera ku Brampton ndizikwera sitima. Sitima ziwiri, kusinthira pakati pa Toronto, masitepe aja, mawondo awa, m'sinowo? Ndidzapita sabata yoyamba ndi yachiwiri, kenaka ndidzayamba kunena kuti mawa. Ndikudzidziwa. Chipinda andikonzeracho ndachiona pachithunzi, ndi chabwino, makatani anasankha bwino amayi anu. Kukhala nanu ndikufuna, musaganize kuti sindikufuna. Ndimafuna nditamaona Yankho akumera ndevu tsiku ndi tsiku, m'malo mongodzidzimuka nazo pa Isitala. Koma Mayi Maria akali kutsegula pakamwa chifukwa ine ndakhala pambali, ku Oshawa sindichoka. Tsiku limene adzagone, ndidzawaimbira, ndidzalongedza, ndipo ndidzakuitanani mudzanyamule mabokosi. Lisanafike limenelo, ayi.

Wati chiyani, Tadala? Nena m'Chichewa, ndikudikira. Usathamange. Ehe. Ukufunsa kuti nanga ine ndikadzafika pamene afika Mayi Maria, adzakhale pambali panga ndani kuti ndidye?

Mkazi mnzanga, wafunsa ngati munthu wamkulu. Koma funso limenelo woyankha si ine.

Imvani, galimoto yaima panja. Yankho, katsegule, ndipo uwasiyireko bambo ako zidutswa ziwirizo. Musawauze pakhomo, alekeni akhale pansi adye kaye. Zokana kusamukazo ndiwauza ndekha. Koma funso lakolo, Tadala, ulisunge. Ukawafunse m'galimoto mukamabwerera, m'Chichewa chomwecho, mchimwene wakoyu akumva. Lamulungu udzandiimbire, undiuze chimene mwagwirizana.